Mabatani a Atate

Belo la salaula, zovala zakale za kunja zija, likadulidwa mawaya ake limapuma ngati munthu amene watula katundu wolemera, ndipo mpweya wakewo umadzaza nyumba yonse. Ndi fungo la mankhwala a njenjete, la sopo wa kunja amene ife sitinamugwirepo, ndi kena kake konga m'kabati imene yakhala yotseka kwa zaka. Mpaka lero ndikalimva pamsika ndimabwerera ku Nangongwe, m'nyumba yathu ya malata ya zipinda ziwiri, m'chisanu cha chaka chimene ndinali mu Giredi 8.

Amai ndiwo ankagula mabelo amenewo ku Lusaka. Anayamba malondawo pamene fakitale ya nsalu inachepetsa anthu, Atate n'kukhala m'gulu la oyamba kuuzidwa kuti akapume. Zinali zaka zija zipata za malonda zitangotsegulidwa, aliyense atasanduka wogulitsa, ndipo zovala za kunja zinali mbwee m'mbali mwa msewu kuyambira kusiteshoni ya sitima mpaka kumsika. Atate anagwira ntchito yoyendera nsalu kuyambira ali mnyamata wongofika kumene kuchokera ku Katete. Nsalu inkadutsa pamaso pawo ikuchoka pamakina, iwo n'kumaisisita ndi chikhatho kufuna pamene ulusi waduka. Kwa iwo salaula ndiyo inazimitsa makina aja. Loweruka belo likalowa pabalaza, ankatenga kampando kawo kupita kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa magwafa, ndipo sankabwerako mpaka Amai atamanga zonse m'masaka. Sanavalepo ngakhale sokosi ya m'belo. Mashati awo anali ochepa, onse a nsalu ya pafakitale, osokedwa ndi telala masiku abwino aja, ndipo makolala ake anali atatembenuzidwapo kale.

Manja awo anayamba kuvuta asanachoke pantchito. Kuchipatala anati ndi nyamakazi. Zala zinatupa m'mfundo n'kupendekera kumbali ngati chimanga chogonekedwa ndi mphepo, ndipo mapewa sankalola kuti akweze mikono pamwamba pa mutu. Mmawa manjawo ankakhala ngati a munthu wina. Ankawaviika m'beseni ya madzi otentha mpaka dzuwa litafika pakhonde, ndiyeno n'kukasamba. Mathalauza Amai anali atawaika lasitiki m'chiuno, Atate n'kumawakoka ndi zala zazikulu. Shati ankatha kuilowa okha, mkono umodzi kenako wina, pang'onopang'ono. Chimene chinawakanika chinali mabatani.

Ntchito imeneyo inali yanga. M'nyumbamo munalibe mwana wamwamuna. Tinali ine, Zelipa, ndi mng'ono wanga Chikondi wa zaka zinayi. Chisanu ndiyo nthawi imene alimi amakhala atakolola, choncho Amai ankanyamula masaka awo kupita kumidzi ya kutsidya la mtsinje kukasinthanitsa zovala ndi chimanga, nkhuku ndi mtedza, ndipo ankagonako masiku angapo. Mmawa uliwonse, nditavala kale yunifolomu, ndinkamva Atate akuitana kuti, "Iwe Zeli, bwera." Ndinkalowa kuchipinda kwawo n'kuwapeza ataima pafupi ndi zenera, shati ili yasa, akununkhira sopo wofiira ndi mafuta otentha otikitira mafupa. Ndinkayambira batani la pansi kukwera m'mwamba. Iwo ankayang'ana kudenga n'kumandifunsa za kusukulu, mitsinje ya maiko akutali, mizinda ikuluikulu, mmene mvula imapangikira. Ndinkaganiza kuti akufuna kudziwa ngati ndikuwerenga. Mwina ankafunadi, koma mafunsowo ankatithandizanso tonse awiri kusayang'ana pa zala zanga. Batani lomaliza, la pakhosi, silinkasiyidwa. "Munthu sapita kumsewu ngati wathawa moto," ankatero.

Kumsewu n'kumene kunali kantemba kawo, ka matabwa ndi malata akale, mmene ankagulitsa makandulo, machesi, shuga ndi ufa wa m'timapulasitiki. Ogula ankadzitengera okha n'kuponya ndalama m'chitini. Kantembako sikankabweretsa zambiri, koma kankawatulutsa m'nyumba. Nesi wa kukiliniki anali atawachenjeza kuti tsiku limene adzasiye kuyenda, mawondo nawo adzatsatira manja. Kumeneko n'kumenenso anzawo a kufakitale ankasonkhana, makamaka ba Mulenga a nyumba yoyandikana nafe, kusewera nsolo ndi kutsutsana za boma mpaka dzuwa kupendeka.

Ndinakula chisanu chitangoyamba, Amai ali kumidzi. Ndinadziwa chimene chandichitikira chifukwa atsikana a m'kalasi mwathu ankanong'onezana, ndipo ndinadziwanso zimene zimatsatira kwa ife a kummawa, a kwathu ku Katete. Mtsikana akakula salowanso kuchipinda kwa makolo ake. Saima pafupi ndi atate ake, sawakhudza, amalankhula nawo atagwada chapatali. Ndipo m'masiku akewo sathira mchere m'ndiwo, chifukwa akatero amadula anthu a m'nyumba, iwo n'kuyamba kutsokomola ndi kutupa. Ndinakhala m'bafa yathu ya panja, mphepo ikulowa pansi pa chitseko, ndikubwereza malamulo amenewa m'mutu, ndipo kumapeto kwa lamulo lililonse ndinkaona shati ili yasa. Atate ataitana, ndinapita. Ndinamanga mabatani onse, ndinayankha mafunso onse, ndipo madzulo ndinaphika repu n'kuthira mchere ndi dzanja langa.

Sindinauze munthu, ngakhale Amai atabwerako. Ndinali mwana wokonda kuchita zinthu molondola, wa mtundu uja wojambula mzere ndi rula pansi pa mutu uliwonse wa phunziro, ndipo chinsinsicho chinandikhala pachifuwa ngati mbatata yosapsa. Chisanu chinakula. Nkhungu ya kumtsinje inkagona m'komboni mpaka sitima ya mmawa itadutsa, utsi wa mbaula n'kumakwawa pansi osakwera. Manja a Atate anatupa kuposa kale, kapu ya tiyi ankaigwira ndi zikhatho zonse ziwiri, ndipo anayamba kutsokomola. Chifuwa chilichonse chimene ndinkamva kudzera m'khoma ndinkati ndi ine. Kusukulu tinali titaphunzira za tizilombo toyambitsa chimfine, ndinalemba mayeso ake n'kukhoza bwino, koma zimene ndinalemba papepala sizinafike pamene panali mantha anga.

Mwezi wotsatira ndinaganiza zokonza theka la mlanduwo. Mabatani sindikanatha kuwasiya, koma mchere ndikanatha. Ndiwo zikafika pothira mchere ndinkaitana Chikondi n'kumunyamula, iye n'kuthira ndi kadzanja kake akuseka, poganiza kuti ndi masewera. Ndinachita zimenezo pakhonde, Atate atakhala pakampando kawo akuwotha dzuwa lamadzulo. Anationa bwinobwino. Patapita masiku ochepa Azakhali, mlongo wa Atate wa ku Shimabala, anatsika minibasi atasenza mtolo wa masamba, m'manja muli chikwama cha munthu wobwera kudzagona. Iwo sankabwera pakati pa mlungu, chifukwa dimba silisiyidwa. Panthawiyo sindinadzifunse kuti anawaitana ndani.

Sanachedwe. Atangomwa madzi anandiitanira kuchipinda chathu cha ana n'kutseka chitseko. "Mwezi wachingati uno?" anafunsa. Ndinayamba kulira. "Misozi siyankha, mwana wa mlongo wanga. Sukulu yonseyi sanakuphunzitse kutsegula pakamwa?" Amai atabwera anaitana mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu, ndipo atatuwo anandilangiza masiku ochepa chabe, mwa m'tauni, popanda ng'oma, kuti ndisajombe kwambiri kusukulu. Anandipatsa chitenje chatsopano. Zambiri zimene anandiuza zinali zabwino ndipo ndinazisunga. Atafika pa lamulo la chipinda, ndinalimba mtima n'kufunsa kuti nanga mabatani a Atate adzamanga ndani.

"Onani uyu," anatero Azakhali, akuomba m'manja kamodzi. "Ife tikukamba za moyo wake wonse, iye ali pa mabatani. Mabatani ali ndi mwini wake, ndi awa akhala apawa." Analoza Amai. Amai anayang'ana pansi, chifukwa tonse tinkadziwa kuti mwini wakeyo akakhala pakhomo, pakhomopo sipadyedwa kanthu.

Amai anakhala mlungu umodzi, kenako anayenera kunyamuka amalonda ena asanamalize chimanga cha kumidzi. Azakhali anabwerera kudimba kwawo. Nawonso sakanathandiza, popeza mlongo saveka mlongo wake. Mmawa woyamba titatsala tokha, Atate anaitana Chikondi. Ine ndinagwada panja pa chitseko ndi tiyi wawo. Ndinamva bedi likulira pamene mwanayo ankakwerapo kuti afikire pachifuwa. "Lowetsa m'kabowomo, mama," ankatero Atate moleza mtima. "Osakoka. Kankha ndi kachala." Panamveka kaphokoso, ndipo batani linagubuduka pasimenti, linadutsa pansi pa chitseko n'kudzaima pafupi ndi bondo langa. Chikondi anatuluka akulira. Atate sanatuluke. Ndinasiya tiyi pakhomopo, ndinaika batanilo pasosala, n'kupita kusukulu.

Kuyambira pamenepo masiku a Atate anagawika pawiri. Amai akakhalapo, ankavala n'kupita kumsewu. Amai akachoka, ankakhala kuchipinda atafunda bulangete pamapewa, kantemba kali kotseka mpaka ine nditaweruka. Ndipo masiku a Amai kumidzi anali ambiri kuposa a pakhomo. Tsiku lina ba Mulenga anabwera pazenera n'kugogoda ndi kiyi. "Ba Mbewe, muli shani? Manje mwatithawa? Olo muyopa nizakudyani pa nsolo?" Atate anayankha ali kuseri kwa katani kuti, "Ni kamalungo chabe, ba Mulenga. Mailo nizabwela." Munthu amene anandikwapulapo chifukwa cha bodza la switi imodzi ananama ine ndikumva. Ba Mulenga akanawamanga mabataniwo mokondwa, ndi nthabwala pamwamba pake, ndipo n'chifukwa chake sanauzidwe.

Ndinayamba kuona mawondo. Masiku amene Atate ankatuluka, mapazi awo sankachokanso pansi kwenikweni, ndipo potsika pakhonde ankagwira khoma ndi chigongono. Mawu a nesi uja ankandibwerera ndili m'kalasi, aphunzitsi akulemba pabolodi. Mmawa wina ndinalephera kupirira. Ndinagwada pachitseko, ndinamva kupuma kwawo m'katimo, kupuma kwa munthu amene akulimbana ndi kanthu kakang'ono kwambiri, ndipo ndinati, "Atate, ndilowe? Ndi mabatani chabe. Palibe adzadziwe."

Kenako anati, "Pitani kusukulu, amai. Muchedwa."

Anali asanandiitanepo choncho. Ndinali Zeli, ndinali iwe, ndinali wofunsidwa za mitsinje. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa mbama. Ndinayenda m'mbali mwa njanji ndikulira, mame akunyowetsa masokosi, ndikufunsa Mulungu chifukwa chake sanandilenge mnyamata, kapena chifukwa chake thupi langa silinadikire mpaka kutenthe. Ndinkaona kuti poyamba ndinawadwalitsa pobisa, ndipo tsopano ndawatsekera m'nyumba poulula, ndipo sindinkaona njira yachitatu.

Loweruka lina Amai anadula belo la mashati a amuna. Atate sanapite kumagwafa tsikulo. Anangotseka chitseko cha kuchipinda. Ntchito yanga inali kusankha, zabwino mulu wake, zapakati mulu wake, zong'ambika kwa zotchipa. Ndinatola shati ina yotuwa, ndipo pofuna kuipinda ndinaona kuti mabatani ake asokeredwa pamwamba, pamene pamayenera kukhala mabowo, ndipo mabowo palibe. Nditakoka inatseguka ndi phokoso, kwaaa, monga nsapato za ana zopanda zingwe zija. Kunsi kwake kunali timalamba tomata, tina taubweya, tina ta timinga togwira ngati njere za chisoso pachitenje. Nditagunditsa mbali ziwirizo zinagwirana zokha, ndipo kunja inaoneka ngati shati ina iliyonse yomangidwa bwino.

"Yolakwika iyo, ponya kwa zotchipa," anatero Amai osayang'anitsitsa. Ndinakunga zibakera, zala zonse m'kati, n'kuitseka shatiyo ndi zibakerazo, kuitsegula, kuitsekanso. Amai anasiya kupinda. Anandiyang'ana, anayang'ana chitseko cha kuchipinda, kenako anapukuta manja pachitenje n'kuitenga.

Ndinamva zonse, popeza khoma lathu silinkafika kudenga.

"Ine ndivale zimenezo?" anatero Atate. "Za anthu akufa a kunja? Ngati mwatopa nane, amake Zelipa, nenani."

"Akufa kapena amoyo, nshima imene mudya ichokera m'belo lomweli. Simunaikanepo."

"Nshima sioneka kumsewu."

"Nanga inu muoneka kumsewu?"

Chikondi anasiya kusewera ndi mawaya a belo n'kudzakhala pa ine. Patapita nthawi ndinamva kwaaa, kenako zii, kenako kwaaa kachiwiri. "Nsalu yake njachabe," anatero Atate chapansipansi. "Ikachapidwa katatu yatha. Koma amene anasoka ichi anali ndi munthu wake wodwala manja kunyumba." Amai anatuluka nayo shatiyo, nkhope ili gwa, n'kuiponya pamulu wa zapakati, ndipo inapita kumidzi ndi zinzake. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, ndipo pa milandu yanga ndinawonjezapo wina, woti ndakanganitsa makolo.

Mmawa umene Amai ankanyamukanso, ndinapeza shati ya Atate yakale kwambiri, ya mizere yabuluu, itakolekedwa pa chogwirira cha chitseko, kunja. Amai anali akumanga chitenje m'chiuno, saka lili kale pakhomo. "Akuti nsalu yawo usaidule," anandiuza monong'ona. "Ndipo munthu wa kumsewu asaone kanthu." Anakoka pansi pa bedi lathu thumba la zinthu zosagulika, nsapato za ana zopanda inzake ndi majekete ong'ambika, n'kulikhuthula pansi. "Sankhamo. Usandifunse zambiri, minibasi indisiya."

Ndinasokera pakhonde ndikaweruka. Ndinamatula timalambato pansapato ndi lezala, tina tapinki, tina tobiriwira, kena kali ndi chithunzi cha bakha kumbuyo, ndinatichapa n'kutiyanika pa waya. Mabowo a mabatani ndinawatseka ndi ulusi, mabataniwo n'kuwasokera pamwamba pake. Singano inkakana kudutsa m'timalambamo, ndipo ndinkaikankha ndi chitsekerero cha botolo, komabe zala zinabooka. Zenera la Atate linali kumbuyo kwanga. Sindinkawaona, koma iwo ankandiona, chifukwa tsiku loyamba lomwe mawu anatuluka kuseri kwa katani. "Musakoke ulusi, amai, nsalu ikwinyika. Ulusi uzigona, usamaime." Ndinayankha kuti, "Inde, Atate," maso ali pa singano. Anandiuza za ulusi woyenda m'litali ndi woyenda m'lifupi, za mmene nsalu yabwino imadziwikira kumbuyo kwake osati kumaso, ndiponso kuti mizere yabuluuyo inatuluka pamakina chaka chimene ine ndinabadwa. Kuyambira tsiku limene Azakhali anabwera, tinali tisanalankhulane nthawi yaitali chotero.

Ulendo woyamba sizinayende. Chikondi anaipititsa shatiyo kuchipinda madzulo, ndipo Atate anaitseka okha, koma kutsegula inakana, popeza ndinali nditaika timalamba tatitali kuti tigwire zolimba. Anakhala momwemo mpaka Chikondi anakwera pabedi n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Phokosolo linamusangalatsa kwambiri moti anapempha kuti atsekenso. Anatuluka ataikolekera paphewa, n'kundiuza ndi nkhope ya munthu wotumidwa zazikulu kuti, "Ati muchepetse. Ati si chitseko cha banki." Ndinamva Atate akuseka m'katimo, kuseka kothera m'chifuwa. Ndinamasula zonse, ndinadula timalambato kukhala tating'ono ngati sitampa, ndipo m'kati, chapansi ndi chapachifuwa, ndinasokera timagonga ta nsalu toti chala chachikulu chizilowamo. Nzeru ya timagongayo inali yawo. Zinanditengera masana angapo, homuweki ndikulemba mothamanga kuwala kusanathe.

Tsiku limene anatuluka, Amai anali akadali kumidzi. Nkhungu inali itaphimba mpanda wa ba Mulenga, ndipo ine ndinali nditagwada pambaula pakhonde, chitenje pamwamba pa yunifolomu, ndikudikira ketulo. Ndinamva beseni ikukhuthulidwa, ndinamva chitseko cha bafa, kenako cha kuchipinda. Palibe anaitanidwa. Malasha ankathetheka, tambala wa kwa aneba analira, madzi anawira, ndinathira tiyi. Kenako chitseko chinatseguka.

Anali atavala mpaka pakhosi. Koma mbali ya kumanzere inali itakwera, kolala imodzi ikugunda khutu, ndipo pansi pake mbali ina inkalendewera. Manja anga ananyamuka okha. Ndinawagwira n'kuwabisa m'chitenje.

"Atate mwaphonya!" anakuwa Chikondi. "Mbali iyi yakwera!"

Atate anayang'ana pachifuwa pawo. Ndinaopa kuti abwerera m'kati ndipo sitidzawaonanso. Koma anandifulatira, analowetsa chala m'kagonga, kwaaa, n'kuyambiranso pansi, akukanikiza malo aliwonse ndi mbali ya chibakera. Ndinkaona zigongono zawo zikugwira ntchito ndi msana wawo ukukwera n'kutsika. Tiyi anazizira. Belu la sukulu ya pulayimale ya pafupi linalira, ndipo ndinadziwa kuti kwathu geti latsekedwa kale. Atatembenuka, shatiyo inali ikadali yopotoka, koma pang'ono, ngati kukula kwa chala. Sanafunse ine. Anafunsa Chikondi kuti, "Manje bwanji?"

"Pang'ono," anatero mwanayo, atapendeketsa mutu.

"Pang'onopo m'panga. Bweretsa kiyi."

Anamwa tiyi wozizirayo ataimirira, Chikondi anawakoleka chingwe cha kiyi ya kantemba padzanja, ndipo anatsika pakhonde atagwira khoma. Ankayenda timapazi tatifupi, mawondo akukana, koma ankayenda. Asanafike pangodya ndinamva mawu a ba Mulenga akutuluka m'nkhungu. "Iyee, mudala! Malungo yasila? Mwavala monga muyenda kufunsila nchito!" Ndipo Atate anati, "Konzani nsolo, muleke kukamba."

Ndinawayang'ana mpaka anakhota, ndipo chimene ndinkaona chinali kolala yopotokayo basi. Kwa ine inali chizindikiro chimene ankayenda nacho m'komboni monse, choti mwana wawo anakula n'kuwasiya. Ndinkaganiza kuti ndawabwezera pang'ono chabe pa zambiri zimene ndinawalanda, ndi kuti tsiku lililonse limene adzavale mopotoka lidzalembedwa pa ine.

Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene Amai analili chaka chimenecho, ndipo mlandu ndimauona pena. Ndikudziwa kuti nyamakazi imakula ndi chisanu, ndipo palibe mwana amene amalakwa pokula. Chimene chimandikhala pamtima ndi nthawi yonse ija manja anga analipo mmawa uliwonse, ofulumira, onyadira ntchito yawo. Thumba la nsapato zopanda inzake linali pansi pa bedi lathu nthawi yonseyo. Palibe mwa ife amene anafunsapo ngati Atate akufuna kuvala okha, chifukwa panali mwana wabwino woti awaveke, ndipo iwo sakanakana mwana wabwino. Atate anavala mopotoka pang'ono zaka zonse zimene zinawatsalira, ndipo sanalole munthu kuwawongola, ngakhale Amai.

Mmawa umenewo sindinkadziwa zimenezi. Ndinathamangira kusukulu, ndinapeza geti lili lotseka, ndinapatsidwa chikwakwa pamodzi ndi ochedwa anzanga. Udzu unali wouma ndipo unkanunkhira fumbi, mabala a singano akuyabwa pachogwirira. Ndili mkati motchetcha ndinakumbukira kuti m'thumba muja mwatsala jekete yofiira yokhala ndi timalamba m'mikono, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti mawa, Amai akangotula katundu, ndidzawapempha akanditengere kuchipinda shati yoyera ya Lamlungu.